Kodi Mazira a Tsekwe ndi a Yani?

Kuno ku Cobue atsekwe si alendo. Akhala nafe m'mbali mwa nyanja caka conse. Tiwaona awiriawiri, wamwamuna ndi wamkazi, ndipo awiriwo sasiyana kawirikawiri.

Cisa cao amanga m'bango, m'phanga la mtengo kapena pa thanthwe. Nthawi zina alowa m'cisa cakale ca nanchengwa. Wamkazi aikira mazira 5 kufikira 11, nafungatira masiku 28 kapena 30. Akafuna kukadya, aphimba mazirawo ndi nthenga za pa cifuwa cace. Wamwamuna alonda pafupi. Anapiye akaswa, adumpha okha kucoka m'cisa, ngakhale ciri pamwamba, natsata amao kumadzi. Papita masabata ngati 10 asanauluke. Masiku onsewo ng'anzi, ng'ona ndi nkhwazi ziwasaka. Ambiri safika pouluka.

Tsono munthu wapeza cisa. Mazira a nkhuku ya mnansi sitingatenge, pakuti kumeneko ndi kuba. Nanga a tsekwe? Ena ati: tsekwe alibe mwini, wotola satola ca munthu. Ena aonjeza kuti mbalamezi zidya mpunga wathu ukali wanthete, motero dzira ndilo malipiro. Mau awa ali ndi mphamvu. Ndiponso mai amene alibe ndiwo, ana akulira, sitingamuweruze msanga.

Koma ife tiona kuti mau oti "alibe mwini" atinyenga. Usipa nawo ulibe mwini, koma tonse tidziwa kuti wokoka khoka la maso ang'ono alanda anzace cakudya ca mawa. M'caka ca 2011 boma la Mozambique linaika mbali yathu ya Nyanja ya Niassa kukhala malo otetezedwa. Lamulo liripo, inde, koma m'bango mulibe msilikali. Muli munthu yekha ndi mtima wace.

Wotenga cisa conse sadya mazira okha. Wadya nchito ya mwezi wathunthu, wadyanso atsekwe amene mudzi wonse ukadaona caka camawa. Sanapemphe munthu ali yense, ngakhale a ku Likoma tsidya lija, amene nyanja ndi yaonso.

Ndipo pali kuononga kwina kumene sitikuchula kuba: moto. Wotentha bango m'cilimwe, osayang'ana ngati muli cisa, apsereza mazira onse pamodzi. Wanjala uja anadyetsa ana ace. Wamoto sanadyetse munthu.