Usalembe zimene dokotala sanalembe

Mphwanga, popeza ntchito yako ku America ndi yolemba mabilu a madokotala ogonetsa odwala, ndikutsine khutu za nerve block, jakisoni uja amabaya pafupi ndi mtsempha kuti mkono kapena mwendo uchite dzanzi. Alembi ambiri atsopano amapunthwa pamenepa.

Ukaona kuti dokotala ankalondola singano ndi makina a ultrasound, dzanja lako lidzathamangira nambala 76942, yolipiritsira kuunika kotereku. Uyambe wadekha. Kuyambira Januwale 2023, buku la manambala a mabilu la CPT, la bungwe la American Medical Association, linalowetsa kuunikako m'kati mwa manambala ena, monga 64415 ya mitsempha yochokera m'khosi kupita kumkono, 64445 ya sciatic ndi 64447 ya femoral. Ukawonjezerapo 76942, walipiritsa chinthu chimodzi kawiri. Anzako amene anaphunzira ntchito kale angakuuze kuti ndi mmene amachitira, koma iwe tsegula buku la chaka chino. Pa 64450, ya mitsempha ina imene ilibe nambala yakeyake, 76942 ikhoza kulowa, bola chithunzi chikhale chosungidwa m'faelo ya wodwala ndipo dokotala akhale atalemba zimene anaona. Makinawo akakhala a chipatala, dokotala amalipiritsa luso lake lokha, ndiye pa 76942 uwonjezerepo chizindikiro (modifier) 26.

Ufunsenso chimene anabayira. Ngati dzanzilo ndi limene anachitira opaleshoni, jakisoniyo alibe bilu yapadera. Ngati dokotala wa opaleshoni anapempha kuti wodwala asadzamve ululu akatsitsimuka, pempholo lioneke pa pepala, kenako pa nambala ya jakisoniyo uike chizindikiro 59, ndi nambala ya ICD-10 ya ululuwo, G89.18.

Chimene chimandiwawa ine ndi wodwalayo. Kumeneko inshulansi siilipira zonse. Gawo lina limagwera mayi amene angomuika bondo latsopano, akutsegula envelopu kunyumba, ndodo zoyendera zili pambali, ndipo manambalawa sangawatsutse chifukwa sawamva. Akudalira iwe amene sanakuonepo. Boma nalo silisekerera: bilu yabodza yopita ku inshulansi ya boma ya Medicare imagwa pansi pa lamulo la False Claims Act.

Tsiku lina bwana wako adzafuna mabilu atuluke msanga, pepala la dokotala lili losakwanira: sanatchule mtsempha, kapena sanalembe ngati ndi kumanja kapena kumanzere. Usaganize m'malo mwa dokotalayo. Libweze ndi funso laulemu, ndipo biluyo idikire mpaka ayankhe molemba.