Kumene ena akukasewera, inu mukukagwira ntchito

Adzukulu anga a pa Chimbiya, inu amene mwalemba Fomu 4 ndipo mukuti utsi wa pa chiwaya wakukwanani, khalani pansi tikambirane za ntchito imene ambiri mwa inu mukuisirira masiku ano, ya kumalo achisangalalo. Ndikunena malo aja amene munthu amalipira pachipata kuti akasewere, kumene kuli akatungwe oyendera magetsi, tisitima tothamanga m'malere ndi madamu osambiramo, komanso abale ake a kuno kwathu: malo ogona alendo a ku Senga Bay ndi ku Mangochi, ndi mabwalo a ana a mu Lilongwe. Zithunzi zimene anzanu amatumiza pa WhatsApp atatchena yunifomu, chigudumu chachikulu chikuzungulira kumbuyo kwawo, ndaziona. Sindikuletsani kupita. Kusangalatsa anthu ndi ntchito ngati ina iliyonse. Koma ili ndi masamu ake, ndipo masamuwo pachithunzi saoneka.

Mbali ina ya ntchitoyi mukuidziwa kale. Basi ikaima pa msewu wa M1 pano, amene ali m'kati ali pa ulendo, koma inu amene mukuthamangira pawindo muli pa ntchito. Muoneni mnyamata wa pa chiwaya m'mwezi wa June, chisanu cha ku Dedza chikuluma zala. Wasenda kachewere kusanache, wasonkha moto, maso afiira ndi utsi, koma kasitomala akafika amamusekerera, kumuwazira mchere ndi tsabola, kumuikira kakabichi pamwamba ndi kachidutswa ka mbuzi ka basela. Madzulo amakhala pa benchi n'kuchotsera ya thumba la kachewere, ya mafuta, ya nkhuni, ndipo yotsalayo amaidziwa mpaka kwacha yomaliza. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti mnyamata yemweyo akangovekedwa yunifomu amasiya kuwerengera. Ukamufunsa kuti amalandira zingati pa ola, amakuuza kuti kumeneko n'kokongola.

Tiyambe ndi ku Joni, popeza ndi kumene mitima yanu ili. Kumwera kwa mzinda wa Johannesburg kuli malo otchedwa Gold Reef City. Anawamanga pamwamba pa mgodi wakale wa golide umene unatsekedwa mu 1971, ndipo alendo amalipira kuti avale zipewa zolimba n'kutsitsidwa pansi kukaona mmene anthu ankakumbira. M'migodi ya mtundu umenewo ndi mmene agogo anu ankalowa, atalembedwa ndi Wenela, mpaka mu 1974 pamene ndege yonyamula obwerera kumudzi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu. Moyo wa kumgodi sindikuuyamikira. Ambiri anabwera ndi chifuwa chimene chinawatengera kumanda. Koma dziwani ichi: iwo ankapita ndi pepala. Pankalembedwa miyezi ya kontirakiti, ndipo gawo la malipiro linkasungidwa kuti adzalilandire atafika kuno. N'chifukwa chake ankatsika ndi njinga, bulangete ndi ndalama ya malata. Inu mumakwera basi, kudutsa pa chipata cha Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, muli ndi chidindo cha masiku 30 chimene sichikulolani n'komwe kugwira ntchito.

Tsono malo akuluakulu achisangalalo amafunsa mapepala. Wopanda chilolezo nthawi zambiri sathera pa makina owala aja. Amathera kwa munthu wina amene anapatsidwa ntchito yosesa, yotsuka mbale kapena yolondera magalimoto panja, ndipo munthu ameneyo ndi amene amasankha kuti akupatseni zingati. Dziko la South Africa lili ndi lamulo la malipiro otsikitsitsa limene linayamba pa 1 January 2019 ndi R20 pa ola, ndipo mu March 2025 anafika pa R28.79. Mukamva zimenezi mumathamangira kusintha m'makwacha, mitima n'kudumpha. Dekhani. Funso lenileni ndi lakuti akupatsani maola angati. Wogwira maola 45 pa sabata pa mtengo umenewo apeza pafupifupi R1,300. Koma malo amasewera amadzaza Loweruka, Lamlungu ndi pa holide ya sukulu basi, ndipo masiku ena kumakhala zii. Akakuitanani masiku atatu okha a maola 8, ndiye kuti sabata imeneyo mwapeza ndalama yosafika R700. Mwini mkhukhu amene mukugonamo sachotsera lendi chifukwa choti alendo sanabwere, ndipo wa takisi sakufunsani ngati kunagwa mvula. Choncho musanavomere, funsani maola ochepetsetsa amene akukutsimikizirani pa sabata, ndipo alembedwe. Mukaponderezedwa, kuli bungwe la CCMA limene limamva madandaulo a ogwira ntchito, ngakhale kuti wopanda mapepala amaopa kupitako poganiza za ku Lindela, kumene amasungira oyembekezera kubwezedwa kwawo. Mantha amenewo mabwana ena amawadziwa, ndipo amadyerapo.

Musaganizenso kuti malo aakulu sagwa. Ku Cape Town kunali Ratanga Junction, imene inatsegulidwa mu 1998 n'kutsekedwa mu 2018, malowo n'kumangapo zina. Ngakhale ku America, kumene kuli Disneyland imene yakhala ikusangalatsa anthu kuyambira 1955, nkhani yake si yosiyana kwambiri. Kafukufuku wa mu 2018 pakati pa ogwira ntchito kumeneko anapeza kuti pafupifupi atatu mwa anayi alionse malipiro awo sankakwanira zofunika za pa mwezi, ndipo mmodzi mwa khumi anali atasowapo pokhala m'zaka ziwiri za m'mbuyo. Anthu amenewa amaloledwa kulowa ulere m'malo amene ena amasungira ndalama chaka chathunthu kuti akawaone, koma tikiti yaulere simungaipereke kwa mwini nyumba. Mliri wa Covid-19 utavuta mu 2020, kampani ya Disney inalengeza kuti ichotsa anthu 28,000 nthawi imodzi. Ndipo pamene malipiro otsikitsitsa a ambiri mwa ogwira ntchito ku Disneyland anakwera kufika madola 24 pa ola mu 2024, sikuti bwana anadzuka ndi chifundo. Mabungwe a ogwira ntchito anali atavotera zonyanyala ntchito.

Tibwere kwathu, kumene ambiri mwa inu mudzayambire. Kuno nyambo yake imakhala yomweyo: “Tizikupatsani nkhomaliro, pogona ndi yunifomu, ndiponso alendo athu ndi opatsa.” Zonsezi n'zabwino, landirani. Koma funsani ngati nsimayo ndi chipindacho sizidzachotsedwa pa malipiro, komanso kuti tambula ikasweka kapena ndalama ikaperewera m'kabati adzadula kwa yani. Za kangachepe ka alendo, ija mumati ya fanta, musaiwerengere ngati malipiro. Lero mlendo akusiyirani K5,000, mawa kubwera basi ya ana a sukulu amene sakusiyirani ngakhale zikomo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Malo ena kangachepeko amakasonkhanitsa m'bokosi kuti adzagawe pakutha pa mwezi. Ngati ndi choncho, dziwani amene amasunga kiyi ndi amene amakhalapo powerenga.

Mdzukulu wanga wina wamkazi anagwirapo pa malo ena a kunyanja, dzina lake ndisalitchule. Ankamuitana December ndi Isitala, kugona pa matiresi m'chipinda chosungira mipando, kudzuka 5 koloko kukasesa mchenga, kugona oimba atazimitsa zoimbira. Mlendo akadandaula kuti mowa sunazizire, amene ankapepesa akumwetulira ndi iye, mapazi atatupa m'nsapato zakuda zimene anagula yekha pa kaunjika. January ikafika ankamuuza kuti “tikuimbira”. Zaka zinadutsa akutchedwabe waganyu, ndipo tsiku limene anafuna kalata ya umboni kuti akafunsire ntchito kwina, anapeza kuti dzina lake silinalembedwe m'buku lililonse la pamalopo.

N'chifukwa chake ndikufuna mudziwe zimene lamulo la dziko lino limanena, popeza bwana sadzakuwerengerani. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limati maola a pa sabata asapitirire 48. Opitirira pamenepo ndi ovataimu, ndipo ola lake amalipira limodzi ndi theka, pamene kugwira pa tsiku lanu lopuma kapena pa holide ya boma ndi kawiri. Izi n'zofunika kwambiri kwa inu kuposa kwa kalaliki wa mu ofesi, chifukwa Khirisimasi, Nyuwere ndi 6 July ndiwo masiku amene inu mudzatuluke thukuta koposa. Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi tchuthi cholipidwa cha masiku 18 pa chaka, wa masiku 5 ali ndi 15. Mayi woyembekezera ali ndi masabata 8 olipidwa. Pa penshoni, bwana amaika 10 peresenti ndipo inu 5, koma musangokhulupirira zolembedwa pa peyisilipi, kafunseni ku kampani yosunga penshoniyo ngati ndalamazo zikufikadi. Malipiro otsikitsitsa anali K50,000 pa mwezi, anakwera kufika K90,000 mu February 2024, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kenako K126,000 mu 2025. Chiwerengerochi chimasintha, choncho kachifunseni ku ofesi ya leba pa boma, ndipo muchiyerekeze ndi mtengo wa thumba la chimanga ndi la feteleza mwezi umenewo. Zikakanika ku leba, kuli khoti loona za ntchito.

Gulani kope muzilembamo tsiku, ola lolowa ndi ola lotuluka. Anzanu adzakusekani. Pa tsiku la mlandu, wa leba adzafuna kuona kopelo.

Pali zina zimene sizikhudza ndalama koma thupi lanu. Ife a kumapiri kuno madzi sitiwadziwa, kupatula kuwoloka Linthipe. Wina akakuuzani kuti muziyang'anira ana pa damu losambiramo inu musakudziwa kusambira, kanani, ngakhale ntchito ithere pomwepo. Mwana wa eni akamira, bwana adzaloza inu. Chimodzimodzi nyumba zopopa zija zimene ana amadumphamo: zimafuna kukhomerera zikhomo zonse, ndipo mphepo ikakula anawo atuluke, makolo akalipe akalipe. Makina ozungulira akayamba kulira mwachilendo, azimitseni n'kukanena, ndipo munene pamaso pa mboni. Akakuvekani chinyama cha nsalu chija chophimba mutu kuti muzivina ndi ana, dziwani kuti m'kati mwake dzuwa la October ku Salima limakomola, ndiye gwirizanani za nthawi yopuma ndi madzi akumwa musanachivale. Mukavulala pa ntchito pali lamulo la chipukuta misozi, koma limathandiza amene ngozi yake inalembedwa msanga ndipo ali ndi kalata ya kuchipatala.

Inu atsikana, ndilankhule mosabisa. Kumalo otere kumakhala mowa, ndipo pali abambo ena amene akalipira pachipata amayesa kuti agula ndi wowapatsira chakumwa yemwe. Palinso akapitawo amene amagawa mashifiti abwino moyang'ana nkhope. Kumwetulira ndi mbali ya ntchito, koma kugwidwagwidwa ayi, ndipo lamulo la dziko lino la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa nkhanza zotere pa ntchito. Musasunge mumtima. Uzani mayi wamkulu wa pamalopo, sungani mauthenga a pa foni, ndipo pobwerera usiku muziyenda awiriawiri. Anyamata inunso, zotsala m'mabotolo a alendo zagwetsa anzanu ambiri.

Ndiye mupindulanji? Ngati muli ndi maso, zambiri. Pa malo otere pali jenereta, mapampu a madzi, mafiriji, khitchini ndi buku la ndalama. Wosesa amene amaima pafupi ndi makaniko akamakonza pampu, pakatha zaka ziwiri amakhala ndi luso limene angalipititse ku TEVETA n'kulipezera pepala. Wotsuka mbale amene amayang'anitsitsa wophika angathe kudzalowa ku Malawi Institute of Tourism ku Blantyre. Ndipo si zonse zili kutali. Mapanga a Chongoni ali pakhomo pathu pomwe, malo 127 a zojambula zakale amene UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 2006, koma ndi angati mwa inu amene angaimirire pa Mphunzi kapena pa Chencherere n'kufotokozera mlendo kusiyana kwa zojambula zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa? Alendo amene amaima pa Dedza Pottery kapena kutsikira ku Mua amafuna munthu wotero, ndipo wodziwa zimenezi amatchula yekha mtengo wake. A magule nanunso, mukaitanidwa kukavinira alendo, mtengo ndi galimoto yobwererera zikambidwe ng'oma isanalire.

Chomaliza ndi kalendala. Nyengo imene malo achisangalalo amakufunani kwambiri, December mpaka kumayambiriro kwa January, ndi yomweyo imene kumunda kuno kumafuna manja opalira ndi kuthira feteleza. Mukachoka, mayi anu alemba waganyu, ndipo ndalama yake iyenera kuchokera kwa inu, apo ayi zimene mwapeza uko zidzathera kugula chimanga mu February. Tumizani ya feteleza mu October, mitengo isanapenge, osadikira bonasi imene palibe anakulonjezani polemba. Pasipoti ndi chiphaso cha unzika musapereke kwa bwana aliyense kuti akusungireni. Kontirakiti mukasaina, ijambuleni pa foni tsamba lililonse n'kutumiza kwa malume anu kuno, ndipo muwauze dzina la malowo, dzina la kapitawo wanu ndi tsiku limene mumalandira.