Kodi kuwongola mawu a woimba ndi bodza?

Amayi a kwaya ya kumpingo kwathu ku Mpingu atagulitsa mtedza ndi soya, anasonkherana ndalama kuti akajambule nyimbo zawo zisanu ndi zitatu. Popeza ine ndimagwira ntchito m'tauni, anandituma kuti ndiwapezere situdiyo. Ndinaipeza m'dera lina la mzinda wa Lilongwe, kachipinda kamodzi kokutidwa ndi masiponji m'makoma, mwini wake mnyamata waulemu ndithu. Wotsogolera nyimbo anali azakhali anga, amene anayamba kuimba pamaliro ndi pazikwati ine ndisanabadwe.

Atamaliza kuimba, mnyamata uja anandiitana kuti ndione pakompyuta. Panali mizere yopingasa yofanana ndi mizere ya m'munda, ndipo mawu a azakhali amaoneka ngati kanjira ka njoka kodutsa pakati pa mizereyo, pena pamwamba, pena pansi. "Madala, amayiwa achoka pa kiyi malo angapo," iye anatero. "Ndiwawongole?" Anandifotokozera njira ziwiri. Yoyamba, kuisiya pulogalamu kuti ikoke yokha liwu lililonse n'kuliika pamzere woyandikira, ntchito ya mphindi zochepa. Yachiwiri, kukonza ndi dzanja malo okhawo amene aphonyeka, ntchito ya maola angapo yofuna ndalama zoonjezera. Ine, poganizira thumba la amayi aja, ndinasankha yoyamba. Nyimbo itaseweredwa, azakhali anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa: "Mwana wanga, akuimbayo ndani?"

Funso limeneli landisowetsa tulo kwa nthawi ndithu, ndipo ndi limene landichititsa kulemba nkhani ino.

Chida chotchuka pantchito imeneyi ndi Auto-Tune, chimene chinatuluka m'chaka cha 1997. Anachipanga ndi Andy Hildebrand wa ku America, katswiri amene kale ankagwira ntchito yosanthula mafunde a phokoso lobwerera kuchokera pansi pa nthaka pofufuza mafuta. Masamu omwewo anawagwiritsa ntchito poyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu a munthu. Cholinga chake chinali kukonza zophonya mwakachetechete, omvera osazindikira. Koma mu 1998 ojambula nyimbo ya Cher yotchedwa Believe anakhwimitsa chidachi mpaka mawu anayamba kudumpha ngati a makina, ndipo anthu anazikonda. Kenaka kampani ya Celemony ya ku Germany inatulutsa Melodyne, imene imalola wojambula kugwira liwu limodzilimodzi n'kulikweza kapena kulitsitsa monga iye akufunira. Njira ziwiri zimene mnyamata uja anandipatsa zinachokera kumeneku.

Alipo anthu amene amati kugwiritsa ntchito zida zimenezi ndi chinyengo basi. Woimba wa ku America Jay-Z anafika potulutsa nyimbo mu 2009 yolengeza imfa ya Auto-Tune. Ine sindigwirizana nawo kwenikweni. Situdiyo sinakhalepo malo a choonadi chosakhudzidwa. Woimba akaphonya, amabwereza kasanu kapena kakhumi mpaka zitheke, ndipo wojambula amatenga vesi ya apa ndi kolasi ya apo n'kuzilumikiza. Palibe amene amati limeneli ndi bodza. Tsono kwa kwaya ya kumudzi imene ikulipira pa ola, imenenso yalipira minibasi kuchokera ku Mpingu ndi kubwerera, kubwereza kakhumi ndi zinthu za anthu olemera. Ngati liwu limodzi laterereka chifukwa woimba watopa kapena wameza fumbi la m'msewu wa ku Mchinji, kulibwezera pamalo pake n'kuthandiza wosauka kupeza chimene wolemera amagula ndi nthawi.

Bodza limayamba pamene chidachi chikulonjeza chimene mwini mawu alibe. Tonse tinapitapo ku zoimbaimba titalipira pakhomo, n'kupeza kuti amene timamumva pa wailesi ndi amene waima patsogolo pathu ndi anthu awiri osiyana. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Wotereyu watigulitsa katundu amene alibe, ndipo wadzipweteka yekha, pakuti kompyuta yamuchotsera chifukwa chophunzirira kuimba. Koma taonani T-Pain, woimba amene dzina lake limayendera limodzi ndi Auto-Tune. Iye sanabise kuti akugwiritsa ntchito chidachi, anachisandutsa chokometsera choonekera kwa aliyense, ndipo mu 2014 ataimba pa pulogalamu ya Tiny Desk popanda chidacho, anthu anadabwa kuti ndi katswiri weniweni. Chokometsera chimene aliyense akuchiona sichinamiza munthu.

Komabe nkhani ya azakhali siinali ya bodza la mtundu umenewu. Iwo amadziwa kuimba. Vuto linali lakuti zambiri zimene kompyuta inaziwerenga ngati zolakwa sizinali zolakwa ayi. Amayi a kwathu akamatsogolera nyimbo, kaya ndi ya chimtali kaya ya pamaliro, safika pa liwu modumpha ngati chala pa kiyibodi. Amaliyambira pansi n'kukwera nalo pang'onopang'ono, ndipo pothera mzere amalitsetsereka ngati munthu amene akutula mtolo. Chisoni cha nyimbo chimakhala m'kutsetserekako. Pulogalamu ija inaona kukhota, n'kuwongola.

Apa pakubwera funso lalikulu: mzere umene tikuwongolerapo ndi wa yani? Kawirikawiri wojambula amatenga mlingo wa kiyibodi, umene umagawa mtunda wa pakati pa liwu ndi mnzake wa pamwamba m'magawo 12 ofanana. Mlingo umenewu unakhazikika ku Ulaya, ndipo ndi wabwino pa nyimbo zimene unapangidwira. Koma si wokhawo padziko. Ofufuza za nyimbo monga Gerhard Kubik ndi Andrew Tracey anaonetsa kuti ku Chigwa cha Shire ndi kufupi ndi mtsinje wa Zambezi zida monga valimba zimachunidwa pogawa mtunda womwewo m'magawo 7 pafupifupi ofanana. Mutaika nyimbo yotere pa mizere ya kiyibodi, kompyuta idzakuuzani kuti pafupifupi liwu lililonse ndi lophonya, chonsecho oimbawo sanaphonye ngakhale limodzi. Wophonya ndi amene wabwera ndi muyeso wa chimanga kudzayezera mafuta.

Ndikaganiza za malemu Allan Namoko ndi banjo yake, kapena abale awiri aja a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, ndimadzifunsa chimene chikadatsala mawu awo akadadutsa m'chida chokhwimitsidwa. Mu 2020 Patience Namadingo anaimba limodzi ndi agogo Giddes Chalamanda, ndipo nyimbo ya Linny Hoo inafalikira mpaka maiko akutali kudzera pa TikTok. Ambiri mwa anthu akunjawo samva Chichewa. Chimene chinawakoka ndi mawu a munthu wokalamba, onjenjemera pang'ono, amene simungawasokoneze ndi a wina aliyense. Lero mukatsegula wailesi mumamva achinyamata ambiri aluso, koma nthawi zina mumalephera kusiyanitsa uyu ndi uyo, chifukwa onse adutsa pa chipande chimodzi.

Ku ofesi kwathu ntchito yanga ina ndi kuwerenga malipoti ochokera m'maboma asanapite kwa akuluakulu. Ndikapeza chilembo chosowa, ndimachibwezeretsa, ndipo wolembayo amandithokoza chifukwa ndamuthandiza kunena chimene amafuna kunena. Koma nditati ndisinthe ziganizo zake zonse kuti zimveke ngati zanga, ngakhale lipotilo litakongola, ndamulanda pakamwa. Muyeso umene ndimagwiritsa ntchito ndi uwu: kodi mwini wake akawerenga adzadzizindikira? Ndikuona kuti muyeso womwewu ndi woyenera m'situdiyo. Posankha chida, wojambula asayambe ndi kufunsa kuti chofulumira ndi chiti kapena chimene aliyense akugwiritsa ntchito ndi chiti. Ayambe wafunsa woimbayo kuti, "Apa mumafuna kufika pati?" Chida chabwino ndi chimene chimamulola kukonza pamene woimba wavomera kuti waphonya, n'kusiya pamene woimba wati ndi momwemo.

Ndiyenera kuvomera kuti wolakwa tsiku lija sanali mnyamata wa situdiyo. Iye anandipatsa njira ziwiri, ndipo ine ndinasankha yotchipa popanda kufunsa mwini mawu, amene anali atakhala pabenchi pomwepo. Ndinayesa kuti ndikusamala ndalama za amayi aja, koma ndinali kugulitsa chinthu chimene sichinali changa.

Sabata yotsatira tinabwerera. Azakhali anakhala pampando pafupi ndi mnyamata uja, n'kumamvetsera mzere uliwonse wa mawu awo oyamba aja. Malo atatu anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Apo ndinatsamwa, konzapo mwanawe." Pena ponse anati asiye. Ndalama zoonjezerazo ndinalipira ndine, kuchokera m'malipiro anga a mwezi umenewo. Nyimbozo tsopano zili m'mafoni a anthu ku Mpingu, ndipo pa nyimbo yachitatu, pothera vesi yomaliza, mawu a azakhali amatsikira pansi pa mzere wa kompyuta monga amachitira pamaliro.