Kanyundo Kakagunda: Mfundo Zisanu ndi Imodzi za pa Zithunzi za Giovanni Boldini

Mu 2010, kummwera kwa dziko la France kunamwalira gogo wina wa zaka 91. Anthu olondoloza chuma chake chamasiye anapeza kuti gogoyu ankalipira lendi ya nyumba ina mumzinda wa Paris, kufupi ndi tchalitchi cha Trinité, nyumba imene anachokamo pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Atatsegula chitseko anakumana ndi fumbi lokhalokha. Munali mipando, magalasi, mabuku, makalata omangidwa ndi timaliboni, ngakhale nthiwatiwa youmika. Pakati pa katunduyo panali chithunzi cha mzimayi wovala diresi la pinki. Mzimayiyo anali Marthe de Florian, agogo ake a malemuwo, ndipo amene anamujambula anali Giovanni Boldini.

Boldini anabadwira ku Ferrara, m'dziko la Italy, pa 31 December 1842, m'banja la ana 13. Bambo ake ankajambula zithunzi za m'matchalitchi. Anapita ku Florence mu 1862, ndipo mu 1871 anakakhazikika ku Paris, kumene akazi a anthu olemera ankachita kulimbirana kuti awajambule. Anamwalirira komweko pa 11 January 1931. Kuyambira pamenepo zithunzi zake zakhala zikulowa ndi kutuluka m'misika ya okushoni, ndipo ulendo wa zithunzizo ndi umene wandipatsa mfundo izi.

1. Chinthu chamtengo chimafuna mboni.

Chithunzi cha diresi la pinki chija sichinaonetsedwepo pagulu, ndipo m'mabuku ondandalika ntchito za Boldini munalibe. Katswiri amene anachiyeza, Marc Ottavi, anaona ndi maso kuti dzanja ndi la Boldini, koma pa msika wotere maso okha sagulitsa katundu. Zithunzi zabodza zonamizira amisiri otchuka n'zambiri, ndiye wogula amayamba wafunsa kuti chinachokera kuti, anachisunga ndani, alipo amene analemba za icho? Umboni unapezeka pawiri. M'nyumbamo munali kakhadi kokhala ndi mawu achikondi amene Boldini analembera Marthe. Kenako anapeza kuti buku limene mkazi wamasiye wa Boldini analemba, lotuluka mu 1951, limachitchula chithunzicho. Popanda timapepala timeneti chikanatchedwa chithunzi choganiziridwa kuti n'cha Boldini, ndipo mtengo wake ukanagwa kwambiri.

Ine mfundo imeneyi imandikhudza chifukwa ambirife timakhulupirira kuti choona chimadziwika chokha. Sichidziwika chokha. Malo amene makolo anagula, ngongole imene munabweza, ntchito imene munagwira ndi manja anu, zonsezi tsiku lina zidzafunsidwa mboni, ndipo amene ankadziwa nkhaniyo adzakhala atagona kale.

2. Mtengo wa pa okushoni umayeza njala ya ogula, osati ubwino wa chinthu.

Amene anaimapo pa okushoni ya fodya ku Kanengo kapena ku Limbe akudziwa kuti belo lomwelo litha kupita pa mtengo wina lero, wina mawa, malinga ndi ogula amene abwera. Ku nyumba ya okushoni ya Drouot ku Paris zimayendanso motero. Eni okushoni amayamba alengeza mtengo woyerekeza. Mwini katundu amagwirizana nawo mtengo wotsikitsitsa umene sangalole kuti upitirire pansi. Kenako ogula amakweza manja, ena ali m'chipindamo, ena pa foni, mpaka mmodzi atatsala yekha, kanyundo n'kugunda. Pamwamba pa mtengowo wogula amalipiranso komishoni ya eni okushoni.

Chithunzi cha Marthe chinayambira pa mayuro 300,000. Ogula pafupifupi khumi anakanganirana mpaka chinapita pa mayuro 2.1 miliyoni, kuphatikizapo komishoni. Kodi m'mphindi zochepazo utoto unasintha? Chinsalu chinakula? Ayi. Chimene anthu ankagula chinali chithunzi pamodzi ndi nkhani yake: nyumba yotsekedwa, fumbi, kalata yachikondi. Chaka chomwecho, ku Christie's ya ku New York, chithunzi china cha Boldini, cha kamtsikana ka banja la Errázuriz, chinagulidwa pa madola oposa 6 miliyoni. Palibe munthu woona mtima amene anganene kuti chimenechi chinaposa chinzakecho kukongola molingana ndi kusiyana kwa ndalamazo. Pamenepo panangokumana anthu olemera amene onse anakana kugonja.

Choncho pamene akuikirani mtengo wotsika, kuntchito kapena m'maso mwa abale, funsani kaye kuti m'chipindamo munali ndani tsiku limenelo. Ndipo akakuikirani wokwera, funsaninso chimodzimodzi.

3. Chuma ndi mchira wa khoswe.

Pa zithunzi zonse za Boldini, chimene chimandigwira mtima ndi cha mayi Franca Florio a ku Palermo, pa chilumba cha Sicily. Banja la amuna awo, Ignazio Florio, linali m'gulu la mabanja olemera kwambiri mu Italy yense: linali ndi sitima zapamadzi, mafakitale oika nsomba za tuna m'zitini, vinyo wa Marsala, komanso hotela yaikulu ya Villa Igiea. Mu 1901 anaitanitsa Boldini kuti adzawajambule mayiwa. Chithunzicho chinakaonetsedwa ku chionetsero cha ku Venice mu 1903, koma Boldini anapitiriza kuchikonzakonza, ndipo chinafika pa maonekedwe ake a lero mu 1924: mzimayi wamtali wovala zakuda, mkanda wautali wa ngale ukulendewera m'khosi.

Pamene burashi imamaliza ntchito, chuma cha a Florio chinali chikupululuka. Sitima zinapita, mafakitale anapita, ndipo m'zaka za m'ma 1930 ngale ndi miyala yamtengo ya mayi Franca zinagulitsidwa pa okushoni chifukwa cha ngongole. Chithunzi chawo chomwe sichinakhale m'manja mwawo. Anachigula ndi Maurice de Rothschild wa ku France. Mayi Franca anamwalira mu 1950, ulemerero uja utatheratu.

Nkhaniyi sikuthera pamenepo. Mu 2005 chithunzicho chinagulidwa pa okushoni ndi kampani imene panthawiyo inali mwini wa Villa Igiea, ndipo chinakapachikidwa m'hotela imene a Florio anamanga. Anthu a ku Palermo anati mayi wabwerera kwawo. Patangopita zaka zochepa kampaniyo nayo inamira m'ngongole, ndipo mu 2017 chithunzicho chinabwereranso pansi pa kanyundo. Anthu wamba anayesa kusonkha ndalama kuti chikhale cha mzinda wonse, koma sizinakwane. Chinapita pa mayuro oposa pang'ono 1.1 miliyoni, n'kugulidwa ndi banja lina losunga zithunzi limene linachiika m'nyumba yake ya Palazzo Mazzarino, mu Palermo momwemo.

Taonani mzere wa eni ake. Aliyense pa tsiku logula ankaona ngati wafika. Kabuku ka okushoni kamalemba mayina awo motsatizana, wina pansi pa mnzake, ndipo mayina ambiri amachoka pamzerewo pa zifukwa zitatu: imfa, ngongole kapena kutha kwa banja. Sindikunena kuti kukhala ndi chuma n'kulakwa. Ndikunena kuti amene ali nacho lero akungosungira wina, ndipo wosunga wanzeru sanyoza amene chamuchokera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

4. Wokolola si nthawi zonse amakhala wolima.

Pa mamiliyoni onsewa Boldini sanaonepo kalikonse. Dziko la France linakhazikitsa lamulo mu 1920 loti chithunzi chikagulitsidwanso pa okushoni, wojambula kapena olowa chuma chake azilandirako kachigawo. Lamuloli masiku ano limagwira ntchito mpaka zaka 70 mwini atamwalira, ndipo pofika 2010 zinali zitadutsa 79. Boldini sitingamumvere chisoni, pakuti anadya thukuta lake akadali moyo. Koma anzake ena a ku Florence, monga Giovanni Fattori, amene anamwalira mu 1908, anakhala moyo wosowa, pamene zithunzi zawo lero zikupita pa ndalama zimene iwo sanazigwirepo. Mmisiri mulipireni bwino akadali ndi mano otafunira.

5. Ntchito yaing'ono isanyozeke.

Zojambula za Boldini za pensulo ndi makala, pa timapepala, zimagulitsidwa pa mitengo yotsika zedi poyerekeza ndi zithunzi zautoto zija: masauzande m'malo mwa mamiliyoni. Manyuzipepala salemba za izo. Komatu m'menemo ndi mmene muli munthuyo. Ankayenda ndi kabuku kojambulamo, n'kumajambula dzanja la woimba, mwendo wa hatchi, chipewa cha mayi wodutsa. Anthu amamutama chifukwa cha burashi yothamanga, yoti diresi limaoneka ngati likuuluka ndi mphepo. Liwiro limenelo linabadwira m'timapepala tosawerengeka timene palibe anamutuma kapena kumulipira.

Ngakhale chithunzi chake chodziwika kwambiri mu Italy sichautoto. Mu 1886 anajambula Giuseppe Verdi, katswiri wopeka nyimbo, ndi utoto pa chinsalu, koma mtima wake sunakhutire. Anam'pempha kuti abwerenso, ndipo pa 9 April anamujambula ndi choko cha mitundu m'maola ochepa chabe: nkhalamba ya ndevu zoyera, chipewa chachitali chakuda, mpango woyera m'khosi. Nkhope ya Verdi imene dziko lonse limaidziwa ndi imeneyo.

6. Chimene munapereka ndi chimene anthu adzaone.

Chithunzi cha Verdi cha choko chija Boldini anakana kuchigulitsa. Anachisunga zaka zoposa 30, kenako mu 1918 anachipereka ku nyumba ya boma yosungiramo zithunzi ku Rome, kumene chili mpaka lero. Mwana wa sukulu atha kukaima patsogolo pake. Cha Marthe de Florian, chimene chinakhala zaka zambiri m'nyumba yotsekedwa, chinatuluka n'kukalowa m'nyumba ya wogula amene dzina lake silinalengezedwe.

Apa ndiyenera kutchula mayi Emilia Cardona. Anali mtolankhani, ndipo anakwatiwa ndi Boldini mu 1929, mwamunayo ali ndi zaka 86, maso atayamba kale kuchita mdima. Ukwatiwo sunakwanitse zaka ziwiri. Mwamuna atamwalira, mayiwa anawerenga zonse zimene zinatsala m'chipinda chojambuliramo, ndipo kumbuyo kwa zojambula zambiri analembako nambala, dzina lawo ndi chaka cha 1931. Lero eni okushoni akapeza malemba amenewo kumbuyo kwa pepala, amawalengeza m'kabuku kawo ngati umboni. Gawo lalikulu la katunduyo analipereka ku Ferrara, mzinda umene Boldini anabadwira ndi kuikidwa m'manda, ndipo mu 1935 kumeneko kunatsegulidwa nyumba yosungiramo ntchito zake. Buku la mu 1951 limene linaperekera umboni chithunzi cha Marthe linalinso lawo. Mkazi wa Boldini ndi amene anatsimikizira chithunzi cha mkazi wina amene Boldini anamulemberapo mawu achikondi, ndipo pa ntchito yonseyi dzina lawo silimveka kawirikawiri kanyundo kakamagunda. Kwa ine, pa anthu onse a m'nkhaniyi, amene anagwira ntchito yokhalitsa ndi iwowa.

Inu owerenga, m'nyumba mwanu mwina mulibe Boldini, koma muli sutikesi ya zithunzi zakale, makalata ndi mapepala a malo. Itsegulani sabata ino agogo akadalipo, muwafunse kuti uyu ndani, apa ndi pati, chinali chaka chanji, ndipo mulembe kumbuyo kwake ndi pensulo.