Wamva M'mimba Ndiye Atsegula Citseko

Aphunzitsi awiri angakhale pa benci imodzi ku wekishopu, wina n'kubwerako ndi nzeru, wina ndi tulo cabe. Wowaphunzitsa ndi mmodzi, mapepala ndi amodzimodzi. Casiyana ndi njala imene aliyense anapita nayo.

Muno mu Zambia mphunzitsi satsiriza kuphunzira tsiku limene acoka ku koleji. Tili ndi SPRINT, dongosolo lakuti aphunzitsi azikumana pa sukulu pao temu iliyonse ndi kunolana nzeru. Mu 2005 kunabwera Lesson Study, imene inayambira ku Central Province ndi thandizo la JICA ya ku Japan: aphunzitsi akonza phunziro pamodzi, mmodzi aliphunzitsa, anzake apenyerera, ndipo pambuyo pake alikonzanso. Nayo Teaching Council of Zambia, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013, ifuna kuti mphunzitsi aliyense azionjezera maphunziro ake.

Manje tiyeni tione kuno ku Mtendere. Ciyambire maphunziro aulere mu Januwale 2022, makalasi adzaza mpaka ana ena akhala pansi. Mphunzitsi wa Giredi 2 afuna kudziwa mmene angaphunzitsire kuwerenga khamu lotere popanda kutaya mwana wa kumbuyo. Wodzipereka wa ku sukulu ya komyuniti, amene sanapondeko ku koleji, afuna zoyambira zenizeni. Wamkulu amene watsala pang'ono kupuma nchito alimbana ndi silabasi yatsopano imene inayamba mu 2025. Ndiye pali wina amene lendi yamukhalira pakhosi. Watenga nkhongole, ndipo holide iliyonse ali ku Chalimbana kapena ku UNZA kusakira digiri, ndi ciyembekezo cakuti malipiro adzakwera.

Kodi womalizayu ndi wodzikonda? Ambiri amamuweruza msanga, ati mphunzitsi weniweni aphunzirira ana, osati thumba. Ine ndikana. Amene wagona ndi njala sangaimirire bwino pa bolodi, ndipo kufuna kuti ana ako adye si chimo. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula citseko. Munthu amaphunzira ndi mtima wonse cinthu cimene cimupweteka.

Koma zosowa za mphunzitsi zili ndi malire ake, ndipo malirewo ndi mwana. Amene athamangira wekishopu iliyonse ya alawansi, n'kusiya kalasi m'manja mwa monita, n'kujomba msonkhano wa pa sukulu cifukwa ulibe envulopu, wadya cakudya ca ana. Digiri yopacikidwa pa cipupa, pamene kaphunzitsidwe kali momwe kanalili, yapindulitsa nyumba imodzi cabe.

Conco mlandu uli pawiri. Okonza maphunzirowa ayambe afunsa mphunzitsi pamene pamuwawa, asanamulembere mankhwala. Nayenso mphunzitsi adzifunse moona mtima: pa zimene ndatenga kuno, n'ciani cidzafika kwa mwana pa Mande m'mawa?

Inu acinyamata amene mulota kudzagwira coko, musacite manyazi kufuna moyo wabwino. Funani digiri, funani malipiro okwanira. Koma muzikumbukira kuti mu 2022 boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000 cifukwa ca ana odzaza m'makalasi aja. Popanda iwo, palibe akadakuitanani.