Ntchito Yobisika M'kati mwa Wailesi

Zida za mmisiri wokonza wailesi ndi mafoni n'zowerengeka: kachitsulo kowotcherera, waya wosungunula, utomoni ndi mita yoyezera magetsi. Komabe patebulo pake pagona funso lakale la umunthu: kodi munthu ayenera kugwira bwino ntchito imene palibe adzaione?

Waya wosungunulawo, ukakhala wa magawo 63 a tini ndi 37 a mtovu, umasungunuka pa madigiri 183. Mmisiri wodekha amayamba watenthetsa mbali ziwiri zimene akulumikiza, kuti chitsulo chosungunukacho chiyenderere ndi kugwira zolimba. Utomoni, wochokera ku mitengo ya paini, umachotsa dzimbiri lolepheretsa kugwirana. Wopupuluma amangodonthezera pamwamba pa waya wozizira. Wailesi imalira ndithu, mwini wake n'kulipira, koma pakapita milungu polumikiza paja pamang'aluka.

Chivundikiro chikabwezeredwa, ntchito ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi. Ena amati wopupulumayo salakwa, pakuti naye ali ndi lendi ndi ana ofuna kudya, ndipo wailesi ikabweranso alandira kawiri. Koma amene amapititsa wailesi yakale kokonzetsa kawirikawiri ndi munthu wosowa ndalama yogulira ina. Chimene akulipira si kulira kwa tsiku limodzi. Akulipira mawu a mmisiri akuti "yatheka". Kumunyenga pamene maso ake safika ndiko kudyera umbuli ndi umphawi wake.

Pali chinanso chosaoneka. Mtovu ndi poizoni amene amawononga ubongo, makamaka wa ana. N'chifukwa chake kuyambira 2006 mayiko a European Union anachepetsa kwambiri mtovu wololedwa m'zipangizo zambiri zamagetsi. Waya wofala wopanda mtovu umasungunuka pa madigiri pafupifupi 217, motero umafuna kuleza mtima koposa. Amisiri ambiri amakondabe wakalewo poti suvuta. Mtovu wotsalira m'zala suoneka ndi maso, koma mmisiri akapanda kusamba bwino ndi sopo amakaugawira ana ake m'mbale ya nsima.

Motero kutenthetsa waya mokwanira ndi kusamba m'manja zimachokera mu mtima umodzi, wosamala munthu amene sangathe kudziteteza. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mmisiri wodekha sadikira womuyang'anira, pakuti iye yekha ndiye amaona m'kati mwa wailesi isanatsekedwe.