Wophunzira wochedwa timudikire mpaka liti?

Pali funso limene limavuta pafupifupi gulu lililonse la m'parishi, ngakhale sitikonda kulitchula poyera. Ku kwaya kuli mayi amene amayamba nyimbo anzake asanapume mpweya. Pakati pa owerenga Mawu a Mulungu pali mnyamata amene amapunthwa pa mayina a m'Chipangano Chakale. Pa guwa pali mwana amene amabweretsa madzi pamene wansembe akudikira vinyo. Ena amati anthu oterewa ayambe apumula, chifukwa Misa si malo ophunzirira. Ena amati tikawaimitsa sitidzawaonanso. Onsewa amalankhula chifukwa chokonda Mpingo. Nanga chilungamo chili pati?

Pali luso lina la m'tchalitchi limene lakhala ndi funso lomweli kwa zaka zoposa 350. Kuno kwathu tidazolowera belu limodzi, kapena chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo, ndipo munthu mmodzi amakwana kuliza. Koma ku England, m'zaka za m'ma 1600, kudayamba kalizidwe kotchedwa change ringing. Mabelu 6, 8, 10 kapena 12 amapachikidwa m'nsanja imodzi, lililonse ndi liwu lake, lililonse ndi munthu wake wokoka chingwe. Buku loyamba lofotokoza lusoli lidatuluka mu 1668, ndipo mu 1677 Fabian Stedman adatulutsa lina lotchedwa Campanalogia. Lusoli lidafikanso ku Africa kudzera mwa abale athu a mpingo wa Anglican. Tchalitchi chawo chachikulu cha ku Grahamstown, mzinda umene lero ukutchedwa Makhanda ku South Africa, chidalandira mabelu otere mu 1879, ndipo cha ku Harare chili ndi mabelu 10.

Belu lililonse limamangiriridwa ku gudumu lalikulu, ndipo likakokedwa limazungulira mpaka kukamwa kwake kuyang'ana kumwamba. Mabelu ena amalemera kuposa tani imodzi, choncho sungalifulumizitse belu monga umachitira ndi ng'oma. Likalira, pamapita pafupifupi masekondi awiri kuti lilirenso. N'chifukwa chake oliza sayimba nyimbo ndi mabeluwa. Chimene amachita ndi kusintha ndondomeko ya kaliridwe. Akayamba ndi 123456, kenaka pamabwera 214365, kenaka 241635, mpaka kubwerera pamene adayambira. Lamulo lake ndi lakuti belu lisunthe malo amodzi okha pa nthawi, ndipo ndondomeko imene yalira kale isabwerezedwe. Mabelu 6 ali ndi ndondomeko 720, mabelu 7 ali ndi 5,040, mabelu 8 ali ndi 40,320. Mu 1963 anthu 8 adaliza zonse 40,320 ku Loughborough, ndipo zidawatengera maola 17 ndi mphindi 58. Oliza sakhala ndi pepala patsogolo, zonse amasunga m'mutu. Amene adaonapo amayi atatu akusinja mumtondo umodzi, misi osagundana, akudziwa kale mtima wa lusoli.

Wophunzira amayamba ndi belu limodzi, kawirikawiri lomangidwa lilime kuti lisasokose mudzi, mphunzitsi ali pambali pake. Amaphunzira kugwira chingwe, kukoka ndi kuliimitsa belu, chifukwa chingwe cha belu lolemera chikhoza kumuvulaza munthu. Akadziwa zimenezi amalowa pakati pa anzake kukaliza motsatana kuyambira belu laling'ono mpaka lalikulu. Kenaka amaphunzira kusintha malo mtsogoleri akaitana, ndipo pambuyo pake kusintha yekha popanda womuuza. Bungwe la aphunzitsi a lusoli, Association of Ringing Teachers, lidagawa ulendowu m'magawo 5. Ena amadutsamo msanga, ena zaka zimapitapo.

Apa ndi pamene funso lathu likuonekera bwino. Wophunzira sangapite patsogolo payekha. Kuti mmodzi aphunzire pa mabelu 6, pamafunika anthu ena 5 odziwa amene avomera kutha madzulo awo akuliza zinthu zophweka zimene adazidutsa kalekale. Komanso belu silibisa cholakwa. Likagundana ndi linzake, mzinda wonse umamva. Ndiye kuti oliza mabelu sangathawe mbali iliyonse. Akakana ophunzira, nsanja idzakhala chete tsiku limene akuluakulu adzatope. Akalola chilichonse, anthu amva phokoso mmalo mwa kuitanidwa ku mapemphero.

Malembo Oyera sachepetsa mbali iliyonse mwa ziwirizi. Mneneri Malaki adadzudzula ansembe amene ankapereka kwa Chauta nyama zakhungu ndi zotsimphina. Choncho amene akuti Mulungu ayenera kulandira zabwino koposa sakulakwa. Gogo amene wayenda mtunda wautali kuti adzamve Mawu ali ndi ufulu wowamva bwino. Koma pa Ntchito za Atumwi 15 timamva za mkangano wa Paulo ndi Barnabasi. Yohane Marko adawasiya panjira ku Pamfiliya pa ulendo woyamba, ndipo Paulo adakana kumutenganso. Barnabasi adamukakamira mpaka awiriwo adapatukana. Patapita zaka, pa 2 Timoteo 4:11, Paulo yemweyo akupempha kuti Marko abwere chifukwa ngwothandiza pa utumiki. Paulo ankateteza ntchito, Barnabasi ankateteza munthu, ndipo pomaliza ntchito yomweyo idapindula ndi munthu amene Barnabasi adamudikira.

Oliza mabelu adapeza njira imene ingatithandize. Amasiyanitsa tsiku lophunzira ndi tsiku la Mulungu. Pakati pa sabata wophunzira amayesa zimene sanazidziwe, amalakwa, amabwereza, wina ataima kumbuyo kwake kumulozera njira. Lamulungu amalizanso, koma amaliza zokhazo zimene amazitha. Pakati pawo zimadziwika kuti chinthu chophweka cholira mwadongosolo chimaposa chovuta cholira mogundana. Wophunzira sachotsedwa, komanso sasenzetsedwa katundu woposa msinkhu wake pamaso pa anthu. Kupita patsogolo amakuyeza ndi mmene belu la munthu likukhalira bwino pakati pa mabelu a anzake, osati ndi kuvuta kwa zimene iye akufuna kuonetsa.

Tikatengera pamenepa, aliyense ali ndi ngongole yake. Wophunzira ali ndi ngongole ya kubwera ku maphunziro ndi kulandira chidzudzulo. Amene amajomba Lachinayi koma n'kufuna kutsogolera nyimbo Lamulungu sakupempha chifundo, akupempha ulemu umene sadaugwirire ntchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wodziwa ali ndi ngongole yokulirapo, chifukwa palibe amene adabadwa akudziwa kuwerenga Salmo kapena kugwedeza chofukizira lubani. Wina adataya nthawi yake pa iye, ndipo nthawi imeneyo imabwezedwa kwa wobwera pambuyo. Tiyeneranso kudzifunsa moona mtima ngati mawu akuti tikuteteza ulemu wa Misa sakhala nthawi zina chophimba cha kuteteza mpando wathu. Ife okhala m'mabenchi tili ndi ngongole ya kugwira pakamwa. Kuseka kumodzi kwa pabwalo la tchalitchi Misa itatha kukhoza kuthamangitsa mwana amene akadadzakhala katekisi.

Nanga amene wayesetsa zaka ndi zaka koma sakusuntha? Mu nsanja zambiri muli anthu amene amatha moyo wawo wonse akuliza zophweka zokhazokha, ndipo popanda iwo Lamulungu mabelu sakadakwana. Pa kalizidwe kena belu lalikulu silisintha malo konse, limangolira pomaliza nthawi zonse, ndipo anzake onse amayeza mayendedwe awo pa ilo. Malo amenewo si a manyazi. Chikondi sichinamiza munthu kuti akuimba bwino pamene sakuimba bwino, komanso sichimutsekera kunja. Chimakhala naye pansi, chimamuuza zoona mwaulemu, n'kufunafuna naye malo amene manja ake angakwanitse. Wolephera kuyambitsa nyimbo akhoza kukhala mzati wa oyankha. Wochita chibwibwi pa guwa akhoza kukhala amene odwala a mu Mphakati amamuyembekezera Lachitatu lililonse.

Yankho la funso lathu silili pa kalendala. Wophunzira timudikire nthawi yonse imene iye akubwera ndi kulola kuphunzitsidwa, ndipo pomudikirapo timupatse gawo limene angalichite bwino lero. Nkhaniyi ndi yaikulu kwa ife a m'tauni, komanso kwa abale athu a m'matchalitchi ang'onoang'ono a ku Chileka ndi ku Lirangwe, kumene wansembe safika Lamulungu lililonse ndipo mapemphero amatsogoleredwa ndi akhristu eni ake. Kumeneko mkulu mmodzi akadwala wopanda amene adamuphunzitsa, mapemphero amazizira. Tikumbukirenso kuti tchalitchi cha St Michael and All Angels mu Blantyre, chimene abale athu a CCAP amapempheramo mpaka lero, chidamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 ndi m'busa David Clement Scott, amene sadaphunzire za mapulani a nyumba, pamodzi ndi amisiri a kuno amene ankaphunzira ntchitoyo akuigwira.

Sabata ino, tikakumana m'Miphakati ndi m'magulu athu, tifunsane mafunso awiri. Kodi ndani adaima kumbuyo kwanga pamene ndinkayamba utumiki umene ndikuchita lero? Ndipo ine ndaima kumbuyo kwa yani? Amene alibe yankho la funso lachiwiri asankhe munthu mmodzi mwezi uno usanathe. Ambuye atipatse mtima wa Barnabasi ndi changu cha Paulo.